Zeze wa Mfumu Polemako

Pachilumba china cha Agiriki, ndalama ya siliva inkakhala ndi chithunzi cha mulungu wawo wa nyimbo atanyamula zeze. Tsiku lina Mfumu Polemako inaitanitsa Kaliasi, mmisiri wozokota zithunzizo.

"Chotsapo mulunguyo, uikepo ine ndikuimba zeze," inatero mfumu. "Ukakana, dzanja lakolo ndilidula."

Kaliasi anadziwa kuti akamvera, anthu amuponya miyala. Ankadziwanso kuti nyimbo zimene mfumu inkatchuka nazo, woimba wake weniweni anali kapolo wobisala kuseri kwa nsalu.

"Ndachita mwayi, mbuyanga," anatero atagwada. "Koma zala za katswiri sitizokota mongoganizira. Mawa mukaimbe pabwalo dzuwa likuswa mtengo, ndikazione bwino."

Nduna zinaomba m'manja, mfumu n'kusowa pokanira.

Kutacha bwalo linadzaza. Mfumu inagwira zeze chozondoka, thukuta kamukamu, maso akufunafuna nsalu yoti panalibe. Kenaka inatsokomola.

"Kuchotsa mulungu pandalama n'chipongwe!" inakalipa. "Asiyidwe pomwepo!"

Kaliasi anawerama mpaka pansi. "Mwaimba bwino, mbuyanga. Sitinamve polakwika ngakhale pamodzi."