Batani la Lendi pa Suti ya Mvuu

Kalekale, koma osati kale kwambiri, pakuti mafoni anali atafika kale kuthengo, panali mayi Nungu, telala wa pamsika wa kuthengoko. Ananu senderani kuno. Akuluakulu musagone, nkhaniyi ikukhudza matumba anu.

Mayi Nungu anali wamasiye. Amuna awo anawasiyira makina osokera, akale, opalasa ndi phazi. Makinawo ankalira kuti tcheketcheke, tcheketcheke, ana atatu n'kumadya. Koma makasitomala anayamba kuchepa, chifukwa aliyense ankasankha zovala pafoni.

"Nanenso ndikufuna tsamba langa pa intaneti," anatero mayiwo, "kuti akutsidya aone msoko wanga."

Wokonza masamba m'dera lonselo anali bambo Mvuu, mwini laputopu. Atamva, anayasamula kukamwa kuti aaa!

"Mamiliyoni awiri, amayi. Dzina la tsamba, ndalama. Mtundu wobiriwira, ndalama. Batani lililonse lodina, lendi mwezi ndi mwezi. Mukalephera, ndimazula. Ngati mulibe, ndidzatenga makinawa Lolemba."

Mayi Nungu anavomera. Ankachita manyazi kufunsa zinthu zimene sankazidziwa. Mvuu atachoka, anayamba kupukuta makina aja, misozi ili chuchuchu. Ine zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Patebulo loyandikana nawo pankakhala Timba, kambalame kogulitsa mayunitsi, kochepa thupi koma pakamwa ayi.

"Achemwali," anatero Timba, "makina akapita, patsambapo mudzaonetsa chiyani? Ine ndinafunsapo kutauni. Zolipira zenizeni n'zitatu. Dzina la tsamba, kamodzi pachaka. Malo osungirako tsambalo, pang'ono pamwezi. Thukuta la wokonza, kamodzi basi. Zinazo ndi mimba ya a Mvuu."

"Nanga nditani, poti ndavomera kale?"

"Suti yawo ya chinkhoswe si mukusoka ndinu?"

Suti ya Mvuu inalidi kwa mayi Nungu, chifukwa matelala ena onse tepi inkawathera pakati pamimba ya Mvuu.

Loweruka m'mawa Mvuu anabwera kudzavala, ankhoswe akudikira m'galimoto. Suti inamukhala bwino kwabasi. Anatembenuka uku, anatembenuka uko, n'kutulutsa masauzande makumi asanu amene anagwirizana.

"Imeneyo ndi ya nsalu," anatero Timba, atatera paphewa pa Mvuu. "Thumba lililonse, ndalama. Mtundu wakudawu, ndalama. Batani lililonse, lendi mwezi ndi mwezi. Ulusi wakumbuyo kwa thalauza, lendi ya patsiku. Mukalephera, timazula."

"Iwe kambalame! Unamva kuti batani la lendi?"

"Tinamva kwa inu, bwana. Tinaona kuti ndi nzeru zamakono."

Msika wonse unaseka kuti gwedeee. Galimoto nayo, pipiii! pipiii! Timba anaulukira kumbuyo, n'kugwira nsonga ya ulusi ndi mlomo. Anakoka pang'ono, msoko unangoti phwii. Anakokanso, phwii! Mvuu anagwira kumbuyo ndi manja onse awiri, koma kumbuyo kwa Mvuu manja awiri sakwana.

"Dikira! Apongozi andiona bwanji chonchi?"

"Ndiye tchulani mtengo wa tsamba bwinobwino, chimodzichimodzi, onse amve."

Apa mayi Nungu anaimirira. Mtima wawo sunali wa msampha. "Basi, Timba, zakwana. Mnzathu asakachite manyazi tsiku lake lalikulu." Anazula munga umodzi pamsana pawo, n'kulowetsamo ulusi. "Weramani, bambo, musagwedezeke." Anasoka msoko uja pang'onopang'ono, n'kuuwirikiza kuti usakamasuke povina. Za mtengo sananene kanthu.

Zimenezi n'zimene zinamugwetsa Mvuu. Kusekedwa akanapirira, koma chifundo chinamulemera. Ali chiweramire, anayankhula motsitsa mawu.

"Dzina, masauzande makumi anayi pachaka. Malo, masauzande khumi pamwezi. Ntchito yanga, mundisokere malaya awiri. Mabatani ndi aulere, amayi. Mtundu wobiriwira nawonso ndi waulere."

"Nanga makina?" anafunsa Timba, ulusi ukadali kukamwa.

"Makina ndi a ana."

Mayi Nungu anakhala pansi, n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Ankalira ndi kuseka nthawi imodzi.

Lolemba Mvuu anabweradi, koma atanyamula laputopu. Tsambalo linali laling'ono, la zithunzi zisanu ndi nambala ya foni. Chithunzi choyamba chinali cha Mvuu yemweyo ali m'suti, ndipo Njovu yakutsidya itachiona inaimba foni tsiku lomwelo, ati telala wokwanitsa mimba imene ija ndiye wake.

Nthano yathera pompa, kaphuleni mbatata zisanapserere. Paja safunsa anadya phula, choncho mtengo muziufunsa chimodzichimodzi. Ndipo inu otchula mitengo, muziyamba mwacheuka kuona amene wagwira ulusi wa thalauza lanu.