Nkhunda za pa Buluku la a Fulansisi

Ku Kapata, kuseri kwa msika, kuli kashopu kamene Limbani amakonzerako mavidiyo a maukwati. Luso ali nalo ndithu, koma maso ake ngosakhazikika. Akaona chatsopano, chakale chimayamba kumunyansa.

Tsono imvani izi. Pa ukwati wa Esther ku Chiparamba, bambo a mkwatibwi, a Fulansisi, anavina mpaka kunyonyomala, buluku n'kuti phwee kumbuyo! Anthu sanaone poti mkuluyo anachoka chafutambuyo, koma kamera siphethira. Lolemba a Fulansisi anafika kushopu chipewa chili m'manja.

"Mwanawe, undibisire manyaziwa. Loweruka tikaonera vidiyoyi pamodzi ndi asewere anga ndi akwaya onse."

"Musade nkhawa, bambo. Ndisoka ndi kompyuta."

Limbani anayankha mokoma chonchi chifukwa ankafuna Edita, mng'ono wake wa Esther, ndipo ankhoswe ake anali oti apita kwa a Fulansisi mwezi wamawa.

Pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito inabwera ndi kachida kake, amati pulagini, komata chigamba chimene chimatsatira munthu kulikonse. Anaika chizindikiro pong'ambika paja, chigamba n'kukhala, buluku n'kuoneka ngati langochoka m'sitolo. Akanalekera pomwepo, bwenzi tikukamba za ena.

Lachinayi anasuzumira kwa Irene, wa shopu yoyandikana naye, n'kuona pulogalamu ina yokhala ndi pulagini youlutsa nkhunda zoyera. Mtima unangoti dyokodyoko.

"Ndisamutsira ntchito yanga yonse umu, apongozi aone kuti akupeza mkamwini wotani."

"Iwe Limbani," anatero Irene, "mapulagini obwera ndi pulogalamu ali ngati amphaka, sasamuka ndi mwini nyumba. Chigamba chakocho chitsala kumene chinabadwira."

"Nsanje, asisi! Mukuopa kuti ndikulandani makasitomala."

"Chabwino, bwana. Koma uyambe waonera usanapite nayo."

"Ndionerenji ntchito ya manja anga omwe?"

Anasamutsadi. Pulogalamu yatsopano inatulutsa kauthenga kachingerezi konena kuti china chake chikusowa, iye anangokakankha ngati ntchentche. Kenako inafunsa kuti nkhunda zitulukire pati, n'kumuonetsa chizindikiro chimodzi chimene inapeza. Poganiza kuti ndi pa keke, anangodina, n'kuponya vidiyo mu fulashi.

Loweruka masana, kunyumba kwa a Fulansisi, anatulutsa wailesi yakanema pansi pa mtengo wa mango. Asewere pamipando, akwaya pamphasa, Limbani ali mu jekete, akuponyera Edita diso lakuba. Nyimbo ija inafika. A Fulansisi anayamba kutsika, kutsika, kutsika. Phwee! Chigamba kulibe. Kabudula wam'kati wamaluwa ofiira anangoti mbee, ndipo pomwepo panatuluka nkhunda. Imodzi. Ziwiri. Kenako gulu lonse, phaphapha! Akatembenukira kumanja, nkhunda kumanja. Akamathawa chafutambuyo, nkhunda zili nawo.

"Mayo ine, chozizwitsa!" anakuwa a Elesi, mkulu wa kwaya, manja ali m'mwamba.

Asewere aamuna anayesa kubisa phwete m'chipewa, koma linawagonjetsa mpaka anagwa ndi mpando womwe. Ana anali kulumpha: "Bwezani! Bwezaninso!"

A Fulansisi anaimirira pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira kumbuyo ngakhale buluku la tsikulo linali labwinobwino.

"Mwanawe, ndinati usoke. Sindinati uwete."

"Bambo, ndi pulagini..."

"Pulaginiyo ikupatse mkazi. Ankhoswe ako uwauze asavutike n'kupopa njinga."

Edita anathawira kukhitchini, ndipo amene anamutsatira akuti sankalira ayi, ankagubuduzika ndi kuseka. Lero ku Chiparamba a Fulansisi akamadutsa, ana amakupiza manja ngati mapiko. Limbani naye amalambalala shopu ya Irene, poti Ireneyo akangomuona amalira ngati nkhunda. Chigamba anali nacho m'manja, anachitaya pofuna mbalame. Akulu sananame: ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada.