Sopo wa Maluwa wa Nagama

Kale, sopo wa m'sitolo atangoyamba kufika m'midzi, kunali mayi wina wachitsikana dzina lake Nagama. Mwana wake woyamba, Sigele, anabadwa ndi khungu lovuta. Akangomusambitsa ndi sopo wogulayo, thupi lonse linkatuluka nsungu, mwana n'kumadzikanda mpaka magazi. Nagama sankakhazikika. Akapita kumunda, asanathe mzere umodzi wabwerera kale kudzamuvundukula mwanayo. Anamuwenga zikhadabo, anasintha nsalu, iye mwini anasiya kudya mazira, koma nsungu zinkangowonjezeka.

Tsiku lina anamva kuchitsime kuti kutsidya kwa mtsinje kuli Mayi Nanthambwe, amene ankapanga sopo wofatsa ndi mafuta a nthanga za mtengo wa msikidzi ndi chidulo, madzi aja otcheza paphulusa. Mayiyo ankaphunzitsa aliyense wofika pakhomo pake. Koma ulendowo unali wa tsiku lathunthu, ndipo inali nyengo ya dzuwa. Kubereka mwana wa zilonda pathukuta Nagama anaopa, kumusiya ndi anthu anaopanso. Ndiye anatuma mwamuna wake, Chikaonda.

"Bambo a Sigele, kandimverereni. Mukamve zonse, musakasiyeko kanthu."

"Ine wosema mitondo ndingalephere sopo?" anatero Chikaonda akuseka. "Mutuwu si dengu lobooka."

Anabwerako mawa lake madzulo, chipewa chitadzaza maluwa.

"Mayi a Sigele, zimene ndaona! Pakhomo paja ndi maluwa okhaokha. Amawayanika pamthunzi n'kuwamata pamwamba pa sopo, ofiira kuno, achikasu uku, ngati akuluka mkeka."

"Nanga kapangidwe kake?"

"N'kosavuta. Muwiritse mafuta ndi chidulo, mutakase mpaka zigwirane ngati phala, muthire m'zigoba za malambe. Kenako maluwa."

"Basi? Sananenenso china?"

"Analankhula zambiri, koma zikuluzikulu n'zimenezi."

Mtima wa Nagama unakayika, koma kulira kwa mwana kunamukankha. Masiku atatu anasinja nthanga, anayenga mafuta, anatcheza chidulo, anatakasa mpaka mapewa kuphwanya. Pomaliza anasanja timaluwa tija mwaluso, kamodzikamodzi. M'mawa mwake sopo anali atagwirana, wokongola moti anansi ankaitanizana kudzaona.

Sanafune kudikira. Anafunditsa madzi, anakhazika Sigele m'beseni, n'kupaka sopoyo m'manja kuti achite thovu. Asanamukhudze mwana, ming'alu ya m'zala zake inayamba kunyeka ngati wagwira khala la moto. Anaponya sopo uko, n'kumuzula mwana m'madzi ndi mikono. Koma dontho limodzi la thovu linali litagwera kale pantchafu ya Sigele, ndipo pamalopo panafiira ngati pakupsa. Nagama anathirapo madzi, chikho ndi chikho, mpaka mtsuko unauma.

Sanakangane ndi mwamuna wake. Kutacha anabereka mwana, anamufunditsa nsalu yonyowa, n'kuuyamba ulendo womwe ankauopa uja.

Mayi Nanthambwe atayang'ana zala zosupukazo ndi ntchafu ya mwana, anapukusa mutu.

"Mwana wanga, ndinanena katatu konse. Sopo watsopano ndi waukali, chidulo chimakhala chisanagone. Amafunika akhale pathandala mwezi wathunthu. Ukatero umamuyesa pamkono pako. Ukaona kuti sipanayabwe, ndiye pa mwana, pang'ono pokha."

"Nanga pomwe munkanena zimenezi, amuna anga anali kuti, amayi?"

"Anali uko kumpanda, akundifunsa mayina a maluwa. Ndipotu maluwawo ndimakongoletsera sopo wa akuluakulu. Wa khanda sindiikamo kanthu."

Mayiyo anam'patsa kachidutswa ka sopo kotuwa, kosaoneka bwino, kamene kanagona miyezi iwiri. Nagama anakhala komweko masiku anayi, akuonerera, akufunsa, mwina chinthu chimodzi kawiri. Nsungu za Sigele zinauma pang'onopang'ono, koma chipsera cha pantchafu anakula nacho. Nkhaniyo inawanda m'midzi yonse, ndipo munthu akafuna kutuma mnzake pa nkhani yaikulu, ankamukumbutsa kuti: kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ana inu, Chikaonda sanali munthu woipa, ndipo sananame. Kungoti wotumidwa amatola chimene chakomera maso ake, pomwe chimene chikukusowetsa mtendere umachidziwa ndiwe mwini. Mchere ukhoza kutuma mnzako kukagula. Koma nkhani ikakhudza thupi ndi moyo, makamaka wa mwana amene sangathe kunena pomwe pakuwawa, nyamuka ukamve ndi makutu ako, ndipo pomwe sunamvetse ufunsenso.