Diresi Limene Analiletsa

Ku Bangwe kunali mayi wina wobwereketsa madiresi a ukwati. Kasitolo kake kanali kochepa, madiresi anayi ndi makina osokera amodzi, koma ana ake atatu ankadyera pomwepo.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wofuna diresi lachilendo, lija la mchira wautali wokwekwereza pansi. Mayi uja analibe lotero. Koma anali ndi khadi la ku banki logulira pangongole: banki imayamba yakulipirira, iwe n'kumabweza pambuyo ndi chiwongoladzanja. Analowa pa intaneti, napeza diresilo m'sitolo ina ya kunja, naliitanitsa. Mtengo wake 800 sauzande kwacha, abale anga!

Patangopita masiku awiri, ukwati wa mtsikana uja unatha usanachitike. Chimene anayambanirana musandifunse, sindinali nkhoswe ine. Mayi uja sanazengereze. Analembera eni sitolo kuti, "Diresi lija ndaletsa, musatumize." Iwo anayankha kuti amva, ndipo yankholo analisunga bwinobwino mufoni.

Mwezi utatha, foni inalira. Uthenga wa ku banki: muli ndi ngongole ya 800 sauzande. Mayi uja anangoti khaa, n'kukhala pansi pasimenti penipeni. "Mayo ine! Ngongole ya chiyani? Si ndinaletsa ine?" Ankadziwa kuti ngongole imeneyi ikamumatirira, makina ndi madiresi zonse zipita.

M'mawa mwake ndiye anali woyamba pamzere ku banki. Bambo wa ku banki anawerenga mauthenga aja mufoni, nati, "Mayi, apa inu simunalakwe. Lembani fomu iyi yokana ngongoleyi. Ife tikambirana ndi eni sitolowo, inu mudikire masabata asanu ndi limodzi."

Mwamva? Sanalakwe. Umboni anali nawo m'manja. Chotsala chinali kudikira basi.

Koma sabata yachiwiri, pakhomo pa sitolo panaima njinga yamoto. Bokosi! Dzina lake lili pamwamba. Diresi limene analiletsa lija lafika ndithu. Mayi uja anagwira pakamwa. Mtima unamuuza mosabisa kuti ichi si chako, unachikana wekha. Analikankhira bokosilo kunsi kwa tebulo.

Masiku atatu ankasoka akuliponyera diso. Tsiku lachinayi anati, "Kungoona chabe ndi mlandu ngati?" Anang'amba pamwamba, natsegula. Aaa, abale, diresi linali diresi! Mikanda waliwali, nsalu yofewa ngati ufa woyera. Analipachika pakhoma kuti aliyang'anitsitse.

Ali chiyang'anire, analowa mayi wina wa mumpingo mwawo, amene mwana wake ankamanga ukwati Loweruka lomwelo. Ataliona anangoomba m'manja. "Amayi, limeneli! Tchulani mtengo, sinditsutsa."

Mayi wobwereketsa uja anawerengera mumtima. Ku banki ngongole aifafaniza, kuno ndilandira 60 sauzande. Kamodzi kokha, ndichapa, ndibweza m'bokosi, adziwa ndani? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anatenga lumo nadula kapepala ka eni sitolo kamene kanali padiresipo. Mkwatibwi anali wochepa thupi, ndiye anadulako m'chiuno n'kusoka kuti lithine bwino.

Ukwati unakoma, sindinama. Pa perekaniperekani anthu anavina mpaka fumbi kobo. Mchira uja anaupondaponda, unang'ambika pawiri, unafiira ndi dothi. Diresi litabwerera, mayi uja analichapa katatu, dothi osachoka. Analinyika m'mankhwala oyeretsera zovala, nsalu yonse n'kusanduka yachikasu.

Lolemba lotsatira a ku banki anamuitana. Bambo uja anamulandira akumwetulira.

"Nkhani yabwino, mayi. Eni sitolo avomera kuti analakwitsa ndi iwowo. Ngongole yonse ifafanizidwa. Angopempha kuti mubweze diresilo mmene linabwerera, losavala, kapepala kake kali pomwepo. Yotumizira alipira okha."

Kenako bamboyo anafunsa:

"Mayi, diresilo lilipo, eti?"

"Lilipo," anayankha ndi mawu a pansipansi. Linalipodi, lili pachingwe kuseri kwa sitolo, loti ngakhale waulere sangalivale.

Mayi uja atafotokoza zonse, bambo uja anavula magalasi. "Mayi, mlandu munali mutawina kale. Mwachitiranji zimenezi?" Fomu ija anaibweza m'kabati. Ngongole inatsala pamutu pa mayi uja, chiwongoladzanja chikukwera mwezi ndi mwezi. Chaka chisanathe, makina anagulitsidwa, madiresi anayi aja anatsatira, sitolo n'kutsekedwa. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa sanali munthu woipa.

Tsono tamverani, abale ndi alongo. Ambiri m'tchalitchi muno munaletsa kale. Munaima kutsogolo kuno misozi ili chuchuchu, munati mowa ndasiya, chibwenzi chija ndathetsa, ziphuphu toto. Munanena zoona, ndipo Mulungu anamva. Iye ndi wokonzeka kufafaniza ngongole yanu yonse.

Koma Satana ndi wamalonda wa makani. Inu muletsa Lamulungu, iye Lachitatu watumiza kale katundu. Foni ilira, nambala ija munaifufuta ija. Anzanu aja aima pageti, akuti tiyeni kamodzi kokha. Kubwera kwa katunduyo si tchimo lanu ayi, musadziweruze nako. Tchimo limayambira pa mawu aja akuti "ndingoona chabe." Simungapemphe kuti ngongole ifafanizidwe uku katundu mwavala, mukuvina naye.

Chimene munachikana pamaso pa Mulungu chikakupezani pakhomo sabata ino, chibwezeni chili chimangire.