Mbuzi Zobwereka ndi Khutu la Khansala

Ana anga, mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ndipo uli ndi tsiku limene udabadwa. Uwu umene ndikufuna kukusimbirani udabadwira kuseri kwa khola la mbuzi, m'mudzi wa Mjolo, dzuwa lili paliwombo.

Kwa Mjoloko kudali mayi wina dzina lake Nankhoma. Amayi ake adamwalira iye akadali mtsikana, namusiyira mlongo wake wamng'ono, Yotamu, asanamere ndi mano omwe. Nankhoma ndiye adamubereka kumsana, ndiye adamuphunzitsa kuyenda, ndipo ndiye ankalima maganyu kuti mwanayo asachoke pasukulu. Yotamu adakula nakhala munthu wa pakamwa pokoma ndi wa mtima wabwino. Tsiku limene anthu a dera lonse adamusankha kukhala khansala woti aziwayankhulira ku khonsolo, Nankhoma adalulutira mpaka mawu kusasa. Kuyambira pamenepo adaleka kumutchula dzina. Ankangoti "achimwene," ndipo akafika pakhomo ankawagwadira powapatsa madzi. Padziko lonse lapansi adalibe munthu wina amene ankamukonda ngati ameneyu.

Chaka china boma lidatumiza mbuzi zopatsirana. Pangano lake lidali losavuta. Mayi wolandira mbuzi aziisamala, ndipo ikabereka msoti woyamba aupereke kwa mnzake amene sadalandire, nayenso adzatero, mpaka pakhomo paliponse padzamveke kulira kwa mbuzi. Amayi adamanga makola am'mwamba, okwera ndi thabwa. La Nankhoma, lomwe lidali m'mbali mwa msewu, lidali lokongola kuposa onse. Woyembekeza msoti wa mbuzi yake adali Nagama, mayi wamasiye woyandikana naye nyumba, mnzake wa ponda apa m'pondepo.

Koma mbuzizo zidafika zikutsokomola. Mwezi usanathe zidayamba kugwa imodziimodzi, ndipo pofika nyengo yokolola makola onse adali opanda kanthu. Amene adazigula m'malo mwa boma adali mkulu wina wamalonda wa m'tauni, mnzake wa Yotamu wa pabawo, ndipo adali Yotamu yemwe amene adamuyamikira ku khonsolo kuti ndi munthu wodalirika. Tisamunamizire Yotamu, sadadyepo kalikonse. Chimene chidamugwira chidali manyazi. Nkhaniyo sadakainene kuboma, adangoikhalira.

M'mudzi mudalowa kuzizira. Oyembekeza misoti adayamba kunong'ona kuti anzawo adazidya mbuzizo mobisa. Nagama adaleka kudzapala moto kwa Nankhoma. Ankangoyang'ana kholalo nadutsa.

Kenaka udamveka uthenga woti kukubwera komiti ya aphungu a Nyumba ya Malamulo. Ntchito ya anthu amenewa ndiyo kuyendera midzi ndi kudzionera okha ngati zimene boma lidalonjeza zidafikadi kwa eni ake. Tsono inu mukulidziwa khalidwe lathu. Mlendo akamabwera timathamangira kwa anansi kukabwereka mpando, mbale zamaluwa, ngakhale nsalu ya patebulo, kuti asaone umphawi wathu. Si khalidwe loipa ayi, ndi ulemu. Koma anthu amene ankazungulira Yotamu, aja omunyamulira chikwama ndi kuseka nthabwala zake zisanathe, adalitenga khalidweli nalipititsa kumene silifika.

"Akhansala, musadandaule," adatero. "Tsidya la dambo kuli mbuzi zambirimbiri. Tibwereke za tsiku limodzi, tidzaze makola. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

M'mawa wina Yotamu adafika kwa mlongo wake, nakhala pampando umene adamuikira pansi pa mtengo wa mango.

"Achemwali, khola lanu ndiye lili pamsewu. Alendo adzaima pano. Tidzaikamo mbuzi, inu mudzangoti ndi zanu."

Nankhoma adayang'ana pansi. "Nanga achimwene, tikangowauza zimene zidachitikazo, pali choipa? Mbuzi sitidaphe ndife."

"Inu simukuwadziwa anthu a kuboma. Adzati Yotamu walephera, Yotamu adagawana ndi wamalonda uja. Mukufuna dzina la bambo athu lilowe m'matope?"

Mawu adali pakamwa pa Nankhoma, koma adawameza. Ankaopa chinthu chimodzi chokha: kuti akamutsutsa, mwana amene adamulera adzamufulatira, ndipo iye adzatsala yekha. Adangoti, "Ndamva, achimwene." Yotamu atachoka, adatenga tsache nasesa bwalo losesa kale.

Tsiku lidafika. Mbuzi za tsidya zidabwera m'mamawa zikukokedwa pazingwe, ndipo adazikankhira m'khola. Msipu umene adaziikira sizidaukhudze. Zonse zidaloza mitu kudambo zikulira, koma ng'oma ndi nyimbo za amayi zidaphimba kulirako. Magalimoto atafika, aphungu adatsika, patsogolo pali wapampando wawo, mayi wa imvi, wosafulumira kuyankhula. Adazungulira khola, nasuzumira m'kati, nafunsa kuti, "Nanga amene adalandira kale misoti alipo?"

Anthu a Yotamu adali atakonza kale zimenezo. Adakankhira Nagama kutsogolo, atamugwiritsa chingwe cha kamsoti koyera. Nagama adaima osatukula mutu. Kamsotiko kadamununkhiza chitenje, ndipo iye, poiwala kuti anthu akumuona, adawerama nakasisita pamsana pang'onopang'ono. Nankhoma adaliona dzanja limenelo. Adadziwa kuti dzuwa likapendeka, mwini kamsotiko adzabwera kudzakatenga, ndipo mnzakeyo adzabwerera kunyumba chimanjamanja, boma litalemba kuti adalandira. Mtima udamuwawa kwambiri.

"Ngati zili chonchi," adatero wapampando, "tikanena kuti kwa Mjolo zonse zili bwino, ndipo amene adagula mbuzizi apitirize kugulira madera enanso. Akhansala, mukutsimikiza kuti zimene taonazi ndi momwe zilili?"

Anthu a Yotamu adayamba kuomba m'manja yankho lisanatuluke. Yotamu adakonza jekete, natsegula pakamwa. Pomwepo Nankhoma adadzuka pamene adakhala, nayenda mowerama mpaka pamaso pa alendo, nagwada.

"Pepani akuluakulu, ndibwerekeni achimwenewa pang'ono. Ndili nawo mawu."

Sadadikire yankho. Adatsogola kupita kuseri kwa khola, ndipo Yotamu adamutsatira nkhope itachita tsinya. Atafika poti maso a anthu sangawaone, Nankhoma adatembenuka, natambasula dzanja, namutsina khutu. Sikudali kutsina kwa masewera. Khansala wathunthu, wa jekete ndi tayi, adapendeketsa mutu nati, "Mayo!"

"Yotamu," adatero Nankhoma motsitsa mawu, misozi ili m'maso, "ine sindidakubereke kumsana kuti udzaime pamaso pa anthu n'kunama. Alendowa apita, mbuzizi zibwerera kwa eni ake, Nagama atsala ndi chiyani? Ukangoti inde apo, mnzako uja akagulanso mbuzi zodwala, akaliza amayi ena ngati ife. Amene akukuombera m'manjawa akuombera jeketeyi, si iwe."

"Achemwali, mukufuna ndichite manyazi pagulu? Mukufuna andichotse?"

"Akakuchotsa udzabwera kuno, udzadya zimene ndidya ine. Ukafuna kundida, undide, koma ndakuuza. Pita."

Adamusiya khutu. Yotamu adaima kanthawi akupuma mwamphamvu, osamuyang'ana. Kenaka adabwerera kubwalo. Nankhoma adatsala kuseriko atatsamira mzati wa khola, osadziwa chimene mlongo wake akachite.

Adangomva thabwa likulira pamwamba pa mutu wake. Yotamu adali atakwera, ndipo adatsegula chitseko cha khola. Mbuzi sizidadikire kuuzidwa. Zidatsika piringupiringu, zidadutsa pakati pa aphungu, zidagwetsa benchi la oimba ng'oma, ndi kuwoloka dambo liwiro, iliyonse kulunjika kwawo. Nagama naye adataya chingwe, kamsoti kaja nkutsatira zinzake.

"Mwaona kumene zapita," adatero Yotamu. "Kumeneko ndiye kwawo. Zathu zidafa zonse, zidabwera zodwala. Wogulayo ndidamuyamikira ndine, ndipo nditaona kuti zalakwika ndidabisa. Amayiwa sadadye mbuzi ngakhale imodzi. Wolakwa ndine."

Wapampando uja adamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka adagwedeza mutu. "Akhansala, m'dera lina kumene tachokera, mbuzi ina yothyoka nyanga takumana nayo m'midzi itatu. Tidayamba kuipatsa moni. Kumeneko palibe amene adatsegula khola, ndipo nkhani yawo ikathera kutali. Inu mukayankha mlandu wobisawo, koma amayiwa alandira mbuzi zina."

Zidaterodi. Boma lidalamula wamalonda uja kubweza mbuzi zonse, ndipo iliyonse idayamba yapimidwa ndi alangizi a ziweto isanakwere galimoto. Yotamu adadzudzulidwa kolimba pamsonkhano wa khonsolo, dzina lake nkutchulidwa poyera, koma mpando sadamulande. Onyamula chikwama aja adasowa ngati adalowa pansi.

Koma kwa Nankhoma, Yotamu sadapondeko. Akamadutsa panjinga ankayang'ana kumbali. Chilimwe chonse chidatha chomwecho. Amayi ankabwera kudzamuthokoza Nankhoma, Nagama adayambiranso kudzapala moto, koma iye chimwemwe adalibe. Chimene ankaopa chija chidali chitamugwera. Nthawi zina ankadzifunsa ngati sikukadakhala bwino kungokhala chete, ndipo akaganiza choncho ankalira.

Mvula idagwa, msipu udamera, mbuzi yatsopano ya Nankhoma idabereka msoti. Utaleka kuyamwa, amayi adasonkhana pakhomo pake kuti auone ukuperekedwa kwa Nagama, poti udali woyamba m'mudzi monse. Ali mkati moimba, adaona Yotamu akubwera wapansi, yekhayekha. Nankhoma adathamangira m'nyumba kukatenga mpando, koma Yotamu adaukana. Adakhala pansi pafumbi, pafupi ndi mapazi a mlongo wake.

"Achemwali," adatero, "ndidakukwiyirani nthawi yaitali. Ndinkati mwandivula pagulu. Koma miyezi yonseyi ndakhala ndikuwerenga anthu amene adandizungulira tsiku lija. Onse ankadziwa kuti ndikulowa m'dzenje, ndipo onse ankaomba m'manja. Mmodzi yekha ndiye adalolera kuti ndimude." Adagwira khutu lake namwetulira. "Khutuli lidapola tsiku lomwelo, koma mawu aja akadalimo."

Nankhoma adaika dzanja pamutu pa mlongo wake, misozi ikutsika. Yotamu adatembenukira kwa amayi aja nati, "Imvani inu nonse, ndipo mukauze ana anu. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Mawu amenewa adayenda kuchoka kwa Mjolo mpaka adafika kwa ife. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene akukuchenjeza ukamalakwa, ngakhale mawu ake akupweteke, ndiye wako weniweni. Kuyamikira n'kosavuta, aliyense angathe, ngakhale wokufunira zoipa. Koma kudzudzula kumafuna munthu wololera kutaya chikondi chako kuti iwe usatayike. Taonaninso kumene Nankhoma adatsinira khutu lija. Sadalitsinire pakati pabwalo kuti anthu aseke, adapita nalo kuseri, chifukwa cholinga chake chidali kuwongola, osati kunyoza.

Mwambiwu ndi wa m'banja, komanso ndi wa dziko. Aphungu amene amafunsa boma mafunso ovuta, anthu a m'mudzi amene amafunsa khansala wawo kuti chitukuko chija chili kuti, si adani a mtsogoleri. Ndipo inu ana anga, ena mwa inu mudzakhala pamipando, ndipo oomba m'manja sadzakusowani. Tsiku limene wina adzakukokereni pambali ndi kukuuzani zowawa, musadzafulumire kumufulatira. Mudzayambe mwaganiza kuti zamutengera kulimba mtima kotani kuti atambasule dzanjalo.