Gitala ya Lemani ndi Nyimbo ya Chiliza

Panali munthu wina ku Chilomoni, dzina lake Lemani, woimba gitala. Bambo ake atamwalira, mlongo wake anapeka nyimbo yowakumbukira, yoti anthu akaimve tsiku lomanga chiliza. Anaijambula m'kachipinda ka Lemani: mawu a mlongoyo paokha, ng'oma payokha, besi payokha, gitala payokha. Chimene chinatsala n'kuzisakaniza pakompyuta kuti zikhale nyimbo imodzi, ntchito imene Lemani anali atangoyamba kuphunzira.

Anayamba ndi gitala yake, naikweza. Ng'oma inamveka kutali, ndiye anaikweza. Besi inasowa, anaikwezanso. Pamenepo gitala ija inabisika, ndipo anaiwonjezera. Anachita zimenezi masiku atatu.

Kutatsala tsiku limodzi, anapita nayo nyimboyo kwa mayi ake. Anawapeza pakhonde akusenda nandolo. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, “Mwanawe, zikulira ndithu. Koma mlongo wakoyu akuti chiyani za bambo ako? Sindinamvepo liwu ndi limodzi lomwe.”

Lemani anabwerera kuchipinda kwake. Atakhala pakompyuta paja, anatsitsa zonse mpaka zii. Anakweza mawu a mlongo wake okha, ndipo kwa nthawi yoyamba anamva pamene mlongoyo anameza misozi asanatchule dzina la bambo awo. Anabwezeramo ng'oma pang'onopang'ono, naisiya pansi pa mawuwo. Besi chimodzimodzi. Kenako anafika pa gitala. Panali chigawo china chimene zala zake zinathamanga mokoma kuposa kale lonse, koma chinagwera pomwe panali dzina la bambo. Anachichotsa chonse.

Tsiku la chiliza, palibe amene anayamikira gitala. Koma dzina lija litatchulidwa, mayi aja anagwira dzanja la mwana wawo wamkazi, ndipo pobwerera kunyumba achibale anali akuimba okha mawu a nyimboyo panjira.

Inu amene mukuphunzira ntchito imeneyi, yambani mwadziwa chimene nyimbo ikufuna kunena, ndipo zina zonse zichipatse malo. Chinthu chikapanda kumveka, musathamangire kuchikweza. Funani chimene chikuchiphimba, muchitsitse. Ndipo musadabwe mukapeza kuti chophimbacho n'chanu chomwe.