Mabuku Asanu m'Jumbo ya a Tobias

A Tobias ankagulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba. Chimwalirireni akazi awo, pakhomo pawo ku Chinamwali panali zii. Owayendera anali a gulu lawo la ma ARV basi, gulu la anthu asanu amene ankasinthana kukatengerana mankhwala kuchipatala kuti asamavutike kupita onse.

Kuphiriko, podikira ogula m'nkhungu yozizira, a Tobias anazolowera kusuta chamba. Ankati chimawapatsa chilakolako cha chakudya ndi kuwachotsera maganizo. Maganizowo chinachotsadi, ndi ofunika omwe.

Mayi Rahima, oyandikana nawo nyumba komanso a m'gulu lomwelo, ndiwo anayamba kuzindikira.

"A Tobias, lero lokha mwandifunsa katatu kuti n'lachingati. Fodya wamkuluyu akukudyani mutu. Bwanji osakawauza adokotala?"

"Mutu ndi wanga, mayi. Kodi ndinu akazi anga? Pakhomo panga musadzapondenso."

Mayiwo sanapondeponso.

Mwezi wotsatira inali nthawi ya a Tobias yokatengera anzawo mankhwala. Anasonkhanitsa mabuku asanu a kuchipatala, n'kuwaika m'jumbo, koma anati ayambe akwera phiri akagulitseko pang'ono. Kumeneko anakoka chamba kamodzi, kenako kawiri. Anatsika dzuwa litapendeka akuimba mluzu, jumbo ataisiya patsinde la paini, za kuchipatala zitafufutikiratu m'mutu.

Patapita masiku atatu a Philip, mkulu wa gululo, amene akazi awo analinso m'gulumo, anafika atanyamula botolo lopanda kanthu.

"Achimwene, mankhwala athu ali kuti? Akazi anga atha masiku awiri osamwa."

Apo m'pamene a Tobias anakumbuka jumbo ija, n'kukwera phiri. Mabuku aja anakawapeza atavumbwa ndi mvula, masamba atamatana. Anzawo anathamangira okha kuchipatala, ndipo pobwerako anawachotsa m'gulu. Ndani angasungitse moyo wake kwa munthu woiwala?

Masiku ano palibe amawagogodera. M'mawa uliwonse a Tobias amakhala pakhonde atagwira botolo lawo la mankhwala, osakumbuka ngati amwa kale kapena ayi. Kale akanangofuula kuti, "Mayi Rahima, kodi munandiona ndikumwa?" Mayiwo alipo ndithu, amasesa pabwalo pawo kuseri kwa mpanda, koma atafulatira. A Tobias amatsegula pakamwa, manyazi n'kuwagwira, ndipo amalakalaka kwambiri atamvanso mawu a mayi anawathamangitsa aja.

Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.